Nsato ya Bwana, Magazi a Thoko

Pitoliya, 6 Malichi 2023

Amake Thoko,

Choyamba ndifunse moyo. Muli bwanji inu, Thoko ndi amayi? Ine kuno ndili bwino. Pepani kuti ndakhala chete chichokereni. Foni anandilanda pamsewu tisanalowe Joni, ndiye kalatayi ndapatsira a Mathews a thiransipota, aja amanyamula katundu wa anthu. Akuti azisiya pagolosale ya a Juma ku Kabudula. Nanunso mukalemba muzisiya pomwepo, iwo amadutsa pobwerera.

Ntchito ndaipeza, koma musachite mantha. Ndi kwa mzungu wina amene amaweta njoka zoonetsa anthu. Ana a sukulu amabwera pa basi n'kumaona njokazo kuseri kwa galasi. Ine ndimapukuta magalasiwo, kusintha madzi, kuwola ndowe, komanso kuweta makoswe amene njokazo zimadya. Mphiri ndi mamba sindizigwira, zimenezo n'za bwana yekha ndi chitsulo chake chokowera. Yanga ndi nsato imodzi yaikulu. Siluma wamba, ulesi basi, tsiku lonse imangodzipinda pansi pa getsi lotenthetsa. Kusoka fodya kunali kowawa kuposa izi.

Ndimagona kachipinda ka kuseri kwa makoswe. Wolankhula naye chathu ndi mmodzi, nkhalamba ya ku Mangochi, a Abdallah, amene amasesa pabwalo. Ena onse tikakumana timangokwezerana dzanja.

Mnzanga wina wandijambula nsatoyo ili paphewa, ngati mmene amachitira alendo, ndipo watumiza pa foni ya a Juma. Mukapite mukaone kuti sindinaonde.

Tsono za mwana. Neti ija inang'ambika chakumiyendo, musoke, musamange mfundo chifukwa imamasuka. Kusikelo musadumphe mwezi. Madzi ake akumwa muziwiritsa ngakhale akhale a pamjigo. Kodi mano ena aja atuluka? Wayamba kuyenda yekha kapena akugwirabe chipupa? Mundiuze zonse, ngakhale zooneka zazing'ono. Ndatumiza juzi yake ndi sopo.

Ndine wanu,
Frazer


Kabudula, 2 Epulo 2023

Abambo a Thoko,

Moni. Kalata yanu inafika ndipo mtima unakhala pansi. Amayi ali bwino. Thoko akuyenda, koma sabata ino watentha thupi. Anamupeza ndi malungo, mankhwala wamwa.

Koma inu, chithunzi chija munatumiziranji? A Juma sanaganize zoipa, anangoonetsa anthu amene anali pakhonde akumwa tiyi. Anyamata a kabaza anachitenga pa mafoni awo, pofika madzulo chinali chitafika ku Nsaru. Ine ndinali womaliza kuchiona. Mukuoneka bwino ndithu, mwanenepa m'masaya, koma palibe amene akuyang'ana masaya anu.

Kumjigo sindikumwako madzi. A Febe anandifunsa pagulu kuti, "Amake Thoko, chaka chino mumanga ya malata eti? Pajatu kwanu kwalowa chiweto chosadya msipu." Onse anaseka. Ine ndinawauza kuti ndi ntchito ngati yoweta nkhumba, iwo akuti nkhumba sakoleka m'khosi.

Atsibweni a Samson sanaseke. Mukuwadziwa, iwo ndiwo mwini mbumba, mwana akadwala amayamba kufunsidwa ndi iwo. Akuti munthu sapita ku Joni miyezi iwiri n'kunenepa. Akuti anthu okhwima amaweta njoka kuti iziwabweretsera chuma, ndipo njoka yotero imamwa magazi a mwana wa pakhomo. Anakumbutsanso amayi kuti inu munabwera kuno ndi makolo anu pa utenanti kuchokera ku Phalombe, ndipo palibe akudziwa mtundu wanu. Ine ndinawayankha kuti mtundu wanu ndi uwo ukuyenda pabwalowo. Anandiuza kuti nditseke pakamwa.

Dziwani ichi. Alamula a Juma kuti kalata iliyonse yochokera kwa inu izipita kwa iwo kaye, aziwerenga pamaso pa amayi. Ndiye mukamalemba, za njoka musatchulenso, ngakhale pang'ono. Lembani za nyengo.

Neti ndasoka.

Ine mkazi wanu,
Enifa


Pitoliya, 24 Epulo 2023

Amake Thoko,

Moni nonse. Yankho lanu sindinalandire. Ndamva kuti galimoto ya a Mathews inawonongeka chakumalire, ndiye iyi ndapatsira mnzawo. Ndikukhulupirira kuti muli bwino, koma kusamva kanthu kukundidetsa nkhawa.

Kuno kwayamba kuzizira ndipo nsato yanga yasiya kudya. Ndikaiponyera khoswe imangomununkhiza n'kubweza mutu. Ndinaopa kuti andichotsa ntchito, koma a Abdallah anandiseka, akuti njoka imatha miyezi osadya, chimene imaopa ndi mphepo. Iwo njoka anayamba nazo ali mnyamata ku Beira, kwa mzungu amene ankagula nyama n'kumatumiza ku malo oonetsera nyama a ku Ulaya. Akuti anthu a m'midzi ankabwera ndi nsato atazimangirira pamtengo. Mzunguyo ankayeza ndi chingwe, yaitali ndiyo inkagulidwa bwino. Ndiye anthu ankaikoka wina kumutu wina kumchira kuti italike, msana n'kuthyoka mkati osaoneka, n'kukafera panjira.

Ponyamula ankaiika m'thumba la ufa, kumanga kukamwa kwa thumbalo, kenako m'bokosi la matabwa loboola mabowo, pansi udzu. Sankaipatsa chakudya ulendo usanayambe, chifukwa ikazizidwa chakudyacho chimaolera m'mimba. M'sitima ya pamadzi mabokosiwo ankawaika pafupi ndi injini kuti azimva kutentha, ndipo munthu wa m'sitimamo ankathira matumbawo madzi ofunda akakumbukira. Zambiri zinkafika zitafa. Zofika zamoyo akuti zinkakana kudya, mpaka amuna angapo kuzigwira n'kumakankhira nyama kukhosi ndi ndodo. Pena ankaziponyera abakha amoyo anthu akuonerera. Zinali zosakhalitsa, ikafa ankangoitanitsa ina. Masiku ano sizitero, yanga anaichotsa m'khola la nkhuku la munthu wina ndipo ili ndi mapepala a boma. A Abdallah akuti, "Mwana wanga, pamalo pano wa mapepala ndi bwana ndi njoka basi."

Ndinawafunsa kuti kwawo anapitako liti. Akuti anasiya mwana wamkazi akuyamwa, pano mwina ali ndi zidzukulu. Ananena akusesa, osaimitsa tsache. Ine tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Masana anzanga amakhala gulu lawo ndi chilankhulo chawo, ndiye ine ndimakadyera pafupi ndi galasi la nsato chifukwa pamafunda. Ndimapezeka ndikuiuza za Thoko, kuti amaseka bwanji, kuti amakana phala lopanda nsinjiro. Musandiseke. Munthu pakamwa pamafuna kutsegula.

Tsono ndaona tinsapato tabwino ta ana. Sindikudziwa phazi lake panopa. Tengani ulusi, muyeze kuchokera kuchidendene mpaka ku chala chachikulu, mudule pomwepo, muike mu envulopu. Muyeze ataponda pansi, osati atagona.

Frazer


Kabudula, 14 Meyi 2023

Akamwini,

Ine ndine Samson, tsibweni wa mkazi wanu. Ife kuno sitili bwino ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Kalata yanu tawerenga pamaso pa mbumba yonse. Chithunzi chija ena ankati ndi chibwana, ine ndinadikira umboni. Tsopano mwalemba nokha ndi dzanja lanu. Mwati njokayo ndi yanu. Mwati pali nkhalamba imene ikukuphunzitsani kasamalidwe kake. Mwati yasiya kudya makoswe, ndiye ikufuna chiyani? Mwati mumaitchulira dzina la mwana. Pomaliza mukupempha muyeso wa phazi lake, ataponda pansi. Ifenso tinabadwa kale. Wofuna kupweteka mnzake amatapa dothi la pamene waponda, inu mwaona kuti dothi silingafike ku Joni ndiye mwati ulusi.

Mwana malungo anatha koma sakudzuka. M'manja mwayera, m'maso mwayera, ngati wina akumuyamwa. Mankhwala a kuchipatala anamwa onse, sanathandize, chifukwa si matenda a kuchipatala.

Ndawachotsa pakhomo, iye ndi amake. Ali ku Nambuma kwa munthu amene akumutemera kuti chinthu chanu chisamupeze. Mudzi sindikuuzani. Juzi ija tatentha. Musatumizenso kanthu, kaya chovala kaya ndalama, sitilandira.

Tinakupatsani malo, munamanga nyumba pakati pathu, sitinafunse kuti kwanu n'kwa yani. Mbuzi mukanapempha tikanakupatsani. Mwana ayi, mwana ndi wathu.

Samson


Pitoliya, 5 Juni 2023

Amake Thoko,

Makalata awiri afika tsiku limodzi, yanu ya Epulo ndi ya atsibweni. Ndikanalandira yanu msanga sindikanalemba zija. Iyi ndaika mkati mwa envulopu ya a Mwanahawa, akazi a a Juma, ndawapempha kuti akupatseni m'manja akabwera kumsika wa ku Nambuma. Ngati yafika, muwathokoze.

Zodziyeretsa ndilibe nazo nthawi. Mvetserani za mwana. Mutsegule dzanja lake muyerekeze ndi lanu. Mukokere pansi chikope muone mkati. Ngati mwayera, magazi achepa, malungo ndiwo amatero akamutenga mwana mobwereza. Mng'ono wanga anapita choncho ku esiteti, bambo akudikira kuti fodya atuluke m'chigafa. Anayamba kupuma mothamanga, mapazi n'kutupa. Mukaona zimenezo musadikire kuti kuche kawiri. Mphini zimenezo zikungotulutsa magazi otsalawo.

Pitani naye kuchipatala chachikulu kumene amaika magazi, osati kwa a zaumoyo a m'mudzi. Musapemphe chilolezo, akakukanizani mudzasowa pothawira. Mungonyamuka ngati mukupita kuchigayo. Bukhu lake la kusikelo mubise m'chitenje. Akafuna wopereka magazi, perekani anu, mudye kaye.

Ndinapita kwa bwana kuti andilole ndibwere. Akuti ndikapita malo anga aikapo wina, komanso inu mukudziwa mmene ndinalowera kuno, ndikatuluka kubwerera kulibe. Izo sizikundiopsa. Chondiopsa n'choti ndikafika lero atsibweni akusamutsaninso kupita kumene sindingakupezeni, mwana n'kutalikira chipatala. Ndiye ndakhala. Ndikungopukuta magalasi. Dzulo kunabwera mayi wina ndi kamwana ka msinkhu wa Thoko, kanamenya galasi ndi dzanja, ine ndinatuluka kukaima kwa makoswe.

Amake Thoko, ngati nanunso mukukhulupirira zimene akunenazo, khulupirirani, koma mwana pitani naye.

Frazer


Pitoliya, 26 Juni 2023

Kwa atsibweni a Samson,

Ndapereka ulemu. Ndikufunsa moyo wanu, wa amayi, ndi wa mwana amene sindikumva za iye.

Ndalemba kuti ndikuuzeni kuti nsato ija inafa. Inafa Lamulungu pa 18. Kuno magetsi amazima kawirikawiri, ndipo sabata imeneyo kunagwa chisanu choti madzi a m'ndowa anauma pamwamba. Injini ya magetsi ya bwana inakana kulira. Njoka zing'onozing'ono tinaziika m'matumba n'kupita nazo kunyumba kwa bwana. Nsato inali yaikulu, tinaifunditsa mabulangete, ine ndi a Abdallah tikusinthana kuwiritsa madzi n'kumaika m'mabotolo m'mbali mwake, ngati mmene ankachitira kale m'sitima. Inayamba kutuluka thovu m'kamwa, chifuwa chikulira. Dokotala wa nyama anabwera koma anachedwa. Ndinakumba dzenje ndine.

Atsibweni, njoka ya mankhwala ingafe ndi chifuwa? Inali nyama basi, ya bwana, ine ndinali wantchito. Ndinkati yanga ngati mmene woweta ng'ombe za eni amanenera kuti ng'ombe zanga. Ulusi unali wa nsapato.

Tsopano palibenso choti muope. Andisinthira ku afulu ndi abuluzi. Chonde lolani mwana apite kuchipatala, ndipo wina andilembere mzere umodzi wokha kuti ali moyo.

Ine mkamwini wanu,
Frazer


Kabudula, 16 Julayi 2023

Abambo a Thoko,

Thoko ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume.

A Mwanahawa anandipeza kumsika, anandipatsa kalata pansi pa mulu wa matemba. Ndinatsegula dzanja la mwana monga munanenera, linali ngati pepala. Lachisanu ndinatenga thumba la chimanga pang'ono, mwana kumbuyo, chimangacho ndinasiya kuchigayo n'kukwera njinga yamoto kupita kuchipatala. Anamwino anandikalipira chifukwa cha mphini. Loweruka anamuika magazi. Lamulungu m'mawa anadzuka yekha, anakhala tsonga, n'kuloza mbale ya mwana wa bedi loyandikana. Pano tinabwerera kuno kumudzi, akuthamangitsa nkhuku.

Koma Lamulungu limenelo linali pa 18 Juni.

Kalata yanu ya imfa ya nsato itafika, atsibweni anawerenga kawiri, kenako anatumiza munthu kukatenga bukhu la kuchipatala, anayerekeza masiku. Anaitana mbumba yonse. Ine ndinaimirira, ndinati mwana wachira ndi magazi a m'botolo, ndinawaona ndi maso anga akutsika. Iwo anati, "Nanga mankhwala oyamba aja sanali a kuchipatala? Bwanji sanachire? Magazi akhazikika chifukwa wowamwa wafa." Ngakhale amayi anagwedeza mutu kuvomera. Amene ankakukhalirani kumbuyo aja, pano ndiwo akuti mwamuna uja Mulungu wamukhudza, wapha yekha chinthu chake. A Febe anabwera ndi mazira kudzaona mwana, akuti ndili ndi mwayi, amuna ena salapa.

Ndalankhula mpaka mawu anatha. Palibe akundimva. Akadakhala kuti mwana wafa akanati ndinu, wachira akuti ndinu.

Atsibweni alemba yawo, ili m'envulopu momwemu. Ine sindikuuzani chochita. Dzina ndi lanu. Mukakana ndidzamvetsa, koma kuchoka pano ndi mwana sangandilole, ndipo ine mwana sindingamusiye.

Thoko akaona mwamuna wovala chipewa akudutsa pamsewu amaima n'kumuyang'ana mpaka apitirire.

Enifa


Kabudula, 16 Julayi 2023

Akamwini,

Mwachita chamuna. Si onse amene amabwerera akafika kumene munafika inu. Zoti inafa ndi chifuwa tamva, manyazi tonse tili nawo.

Ife sitisunga mkwiyo. Nyumba yanu ilipo, munda wanu ulipo. Koma simungalowe pakhomo mwakachetechete ngati munapita kumsika. Mudzafikire kwa ine. Tidzaitana mbumba ndi ankhoswe, mudzanena ndi pakamwa panu chimene munachita, osabisa, kenako adzakusambitsani kudambo ndipo zovala za ku Joni zidzatsala komweko. Mukatero mudzanyamula mwana wanu tsiku lomwelo.

Mukabwera ndi nkhani ya magetsi, ukwati watha, ndipo mwanayo mudzamuonera patali.

Samson


Pitoliya, 7 Ogasiti 2023

Amake Thoko,

Moni. Iyinso ndaika m'envulopu ya a Mwanahawa. Ndinawerenga mzere woyamba wa kalata yanu ndili chiimire pageti, ndinakhala pansi pomwepo mpaka galimoto ya alendo inandiimbira hutala. Zikomo. Munachita zimene ine sindikanatha ndili kuno.

Za atsibweni ndaganiza sabata yonse. Ndinafunsa a Abdallah. Iwo anati munthu usavomere mlandu wa ufiti, suchoka, adzakuloza mpaka kumanda, mwana wa mnzako akadzatsokomola adzayang'ana khomo lako. Akunena zoona. Ndinawafunsa kuti nanga iwo dzina lawo labwinolo akudya nalo ndi ndani. Sitinalankhulane masiku awiri. Dzulo andipatsa jekete lawo kuti ndifunde m'galimoto, sindinawauze kuti likatsala kudambo.

Ndikubwera ndi a Mathews kutha kwa mwezi uno. Bwana ndamuuza. Muwauze atsibweni kuti ndavomera zonse.

Tsono pali chovuta chimodzi, mundithandize. Ine sindidziwa kuti anthu okhwima amanena zotani akamavomera. Ndikadzangoti ndinalakwa adzati ndikubisa. Adzafunsa kuti njokayo ndinaitenga kwa yani, ndinkaisunga pati, ndinaipha bwanji. Mufunse mwanzeru kwa amayi kapena kwa a Febe kuti ena amene anavomerapo ananena chiyani, mundilembere, musiye kwa a Mwanahawa, ndidzawerenga ndikatsika ndisanapite kwa atsibweni. Ndisadzalakwitse n'kuyambiranso. Koma dzina la a Abdallah lisalowemo, ndidzati anali munthu wa ku Mozambiki amene anamwalira.

Tsiku losambitsalo mwana asapite kudambo, kuli udzudzu. Mumusiye ndi amayi. Chakudya chake chikhale cha masamba ndi mazira mpaka magazi abwerere bwino, ndipo tsiku limene anakuuzani kuchipatala kuti mubwererenso musaphonye, ngakhale litakumana ndi la mlandu wanga.

Pamene ndidzakhale ndikulankhula pabwalopo, musadzandiyang'ane, ndingadzasokoneze. Musadzanditetezenso.

Thoko akadzayamba sukulu anzake adzamuuza kuti bambo ake anali ndi njoka. Ine sindidzatha kumuuza china, ndidzakhala nditalumbira pamaso pa anthu. Iwe Enifa, udzamuuze ndiwe.

Frazer